Loweruka Limene Ndinasaka Atate Anu mu Tivi

Taonga, bweretsa kuno karimoti ako. Iwe Dalitso, leka kumukoka mlongo wako. Wina afuna makatuni, wina afuna bola, ndipo kamng'ono aka kakulira chabe chifukwa anzake akukuwa. Khalani pansi nonse. Ayi, osati pampando wa atate anu, pansi apa pamene ndizikuonani nkhope.

Mumanena kuti ambuya sadziwa kutamba tivi, akangokhala pampando agona. Ndimakumvani mukamanong'onezana kukhitchini, makutu anga sanafe. Koma lilipo tsiku limene ine ndinaonera tivi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osadzuka, osawodzera. Ndinaonera za ana, za sukulu, za ulimi, nkhani, mpira, magule, zonse. Sindinali kufuna zosangalatsa ayi. Ndinali kufuna atate anu.

Eya, atate anu omwewa, amene amatuluka m'mawa ndi malaya oyera kupita kuchipatala, amene mukalakwa amangokuyang'anani pamwamba pa magalasi. Nthawi imeneyo analibe magalasi, analibe mimba, ngakhale ndevu analibe. Anali Fanuwelo chabe, mnyamata woonda wa miyendo ngati ya kakowa. Musaseke. Ndipo ndisadzamve wina akuwaitana dzina limenelo, chilolezo ndili nacho ndekha.

Muyambe mwadziwa kumene tinachokera. Ine ndi ambuya anu aamuna, aSakala, amene inu aang'ono simunawapeze, tinabwera kuno kuchokera ku Katete ndili ndi mwana woyamba kumsana. Tinakwera lole ya chimanga, pamwamba pa matumba, ndi mtondo, mphasa ndi nkhuku zomanga miyendo. Pamapiri a Manenekela ndinatseka maso mpaka tinatsika. Nkhuku imodzi inafa, kaya ndi mantha kaya ndinaikhalira, sindidziwa. Eni dziko ku Nkomeshya anatilandira bwino, anatipatsa munda ndi kadimba kumtsinje. Kuno ku Silverest kumene mukukhala m'mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo kunali thengo, munthu unkangodutsa pagalimoto osaona nyumba. Kudimba tinkalima tomato ndi repu, kuthirira ndi ndowa mpaka msana kulira, n'kutengera pangolo ya ng'ombe kupita kumseu. Atsikana ndinabereka atatu, azakhali anu aja. Wamwamuna anali Fanuwelo yekha.

Chaka china mvula inatinamiza. Inagwa yodzalira, chimanga chinamera bwino, kenako kumwamba kunangoti mbee. Chimanga chinauma chisanatulutse ngaiyaye, mtsinje unatsala zithaphwi. Fanuwelo anali atangomaliza giredi naini. Anati, "Amama, ndipite kwa amalume ku Lusaka ndikagwireko maganyu. Pano tingoyang'anana." Amalume akewo anali mlongo wanga wamng'ono, ankakhala kukomboni n'kumakankha wilibala pamsika. Poyamba zinayenda. Mwezi ukatha mnyamata ankabwera ndi kathumba ka ufa, sopo, nthawi zina ndi shuga.

Mvula ya chaka chotsatira inabwera yaukali. M'makomboni madzi analowa m'nyumba, zimbudzi zinasefukira, kolera inabuka. Tinamva pawailesi, kawailesi kathu kamene tinkaanika mabatire ake padzuwa kuti kalankhuleko pang'ono madzulo. Mwezi unatha, Fanuwelo sanabwere. Wina unathanso. Inu mukachedwa pang'ono kusukulu amayi anu amaimba foni mpaka aphunzitsi kutopa. Ife foni yathu inali anyamata a malasha, aja opalasa njinga ndi matumba a makala kupita kutauni. Unkawaimitsa pamseu n'kuwauza uthenga, ndiye kaya ufika kaya sufika.

ASakala anapita okha kukamufuna. Anapeza m'nyumba ya mlongo wanga muli anthu ena. Mlongo wangayo anali atasamukira kumigodi mvula isanayambe, n'kumusiya mnyamata m'kachipinda ndi anzake. Mayi wina wa nyumba yoyandikana ndiye anawauza kuti, "Uja mutali wa ku Chongwe? Anadwala. Banamunyamula kumupeleka ku matenti ya kolera. Sitinamuonenso." Ambuya anu anapita kumene kunali matentiwo, anapeza anawachotsa kale, patsala udzu wofota ndi fungo la mankhwala. Anafunsa uku ndi uku. Anauzidwa kuti ena anachira nabalalika, ena anaikidwa msangamsanga popanda abale, chifukwa matenda aja salola maliro. Atabwerera kumudzi anakhala pakhonde, navula nsapato, n'kumangoziyang'ana. Sindinawafunse kanthu. Ndinaona mmene anavulira nsapatozo.

Tinakolola, mphepo yozizira inayamba. Mlamu wanga, mlongo wawo wa aSakala, anabwera kuchokera ku Katete. Sanali munthu woipa, musamuganizire zoipa, Fanuwelo anamuberekapo kumsana ali khanda. Anandikhazika pansi nati, "Mlamu, mwana sangakhale m'malere chonchi, wosakhala wamoyo, wosakhala wakufa. Tiitane akumpingo, tilire, timete, mitima ikhale pansi." ASakala anavomera ndi mutu. Ine ndinati lumo limenelo lisayandikire mutu wanga. Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi, nati pamenepo adzachita ngakhale ndikane.

Ndiye kunabwera amake Lute. Awa anali mayi a m'mudzi woyandikana nafe, ogulitsa vitumbuwa ndi munkoyo, chakumwa chija chonga thobwa, paliponse pamene anthu asonkhana. Anandipeza ndikutonola chimanga, ndipo ngakhale moni sanapereke.

"Amake Fanuwelo, nifuna nikuuzeni chinthu, koma musanimenye ngati nalakwa. Mwana wanu ninamuona."

Chitsononkho chinagwa m'manja mwanga. "Kuti?"

"Pa tivi, kwa ba Shamilimo, Loweruka lapitali."

"Amachita chiyani pa tivi?"

"Siniziba. Ine nenze kulowa na kuchoka na beseni siku lonse. Ninaona chabe nkhope, yapita. Pamene ninagona ndiye mutima unati, iwe, uja ni mwana wa aSakala."

"Inali nthawi yanji? M'mawa? Madzulo?"

"Mayo, ninganame. Maso yanga yenze pa vitumbuwa, bana baja bamaba."

Nditawauza aSakala anakwiya, mkwiyo wa munthu amene akuopa. Anati, "Mu tivi ija anthu onse amafanana, otuwa ngati phulusa. Mukangodzipweteka mtima pachabe. Ine sindipita." Ndinati musapite, ndipita ndekha.

Ba Shamilimo anali dalaivala wa malole wopuma ntchito, ndipo dera lonselo ndiwo okha anali ndi tivi. Musaganize chinthu ngati ichi chopachika pakhoma, chopyapyala ngati mbale. Kanali kabokosi kotupa kumsana, zithunzi zake zakuda ndi zoyera basi. Siteshoni inali imodzi, chimene akupatsani ndi chomwecho, panalibe cholimbirana. Eriyo anaimangirira pansungwi yaitali, ndipo mphepo ikaomba wina ankatuluka kukapotoza nsungwiyo, am'nyumba akukuwa, "Apo! Wapitirira! Bwerera!" Magetsi kunalibe. Tiviyo inkayendera batire ya galimoto imene ankapita nayo panjinga ku Chongwe kukaitchaja. N'chifukwa chake Loweruka ankayatsira ana pang'ono m'mawa, n'kuzimitsa, kusungira mpira wa masana. Koma Loweruka limene amake Lute ananena lija, ba Shamilimo anali kumaliro. Ana awo anaiyatsa tsiku lonse, batire n'kuthera pakati pa mpira. Ndiye mwana wanga akanatha kukhala paliponse, m'mawa, masana, sindinkadziwa.

Loweruka lotsatira ndinafika kwa ba Shamilimo dzuwa lisanatenthe, nditafunda zitenje ziwiri. Ndinagwada pakhomo n'kufotokoza. Ba Shamilimo anakanda mutu.

"Amake Fanuwelo, namvela chifundo. Manje batili iyi siingakwanise siku lonse. Sabata yatha bantu banafuna kuchaya bana banga. Bwelani chabe pa bola."

"Nanga ngati ali wa m'mawa?"

Akazi awo, ba Esitere, anali kusesa pabwalo. Anaimika tsache. "Imwe, yashani. Ngati ni mwana wanu anasoba, mungakambe za bola?"

Anayatsa. Anandipatsa kampando kutsogolo kwenikweni, ana a m'mudzi atandizungulira pansi, mamina ali mbwee chifukwa cha kuzizira.

Zinayamba ndi za ana. Kunatuluka galu wovala chipewa akuyendetsa galimoto, nkhumba ikumuthamangitsa ndi chiwaya. Ine ndinali ndisanaonepo zotere. Ndinafunsa ba Esitere ngati nyama za kunja zimaterodi, ana anagubuduka ndi kuseka, monga mukuchitira inu apa. Anati n'zojambula ndi manja. Ndinadziwa kuti mwana wanga sangakhale m'zojambula, komabe maso sindinachotse. Ndinkaopa kuti ndikayang'ana kumbali ndi pamene adutse. Kenako kunabwera ana enieni, ovala bwino, atakhala pamkeka ndi mayi wina wowaimbitsa nyimbo. Ine anawo sindinkawayang'ana. Ndinkayang'ana m'mphepete ndi kumbuyo, kuti mwina wina adutsa atanyamula mpando kapena tsache.

Atalengeza kuti tsopano ndi za sukulu, ana a m'mudzi anathawa onse ngati alowa linthumbu. Tinatsala awiri ndi ba Esitere. Mphunzitsi wa tayi anadula lalanje pakati, nadulanso, akulemba manambala ina pamwamba pa inzake. Ine sukulu ndinalekera m'makalasi oyambirira, atate anga anati mtsikana akadziwa kulemba dzina lake zakwana. Koma tsiku limenelo ndinamva kuti theka la theka ndi kota, ndipo mpaka lero ndikudziwa. Dalitso, iwe amene unalira ndi homuweki dzana, ukanandifunsa.

Chimene chinabwera pambuyo pake ndicho chinandiopsa. Linali phunziro la zaumoyo. Nesi ankaphunzitsa kuwiritsa madzi ndi kusamba m'manja, ndiye anayamba kuonetsa zithunzi za nthawi ya mvula ija. Matenti, mabedi oboola pakati, anthu atagona maso atalowa m'kati, madiripi akulendewera. Apo ndi pamene ndinaganiza chinthu chimene sindinachiganize panjira yonse. Bwanji ngati amake Lute anamuona apa? Bwanji ngati nkhope imene anaona ndi ya munthu amene anamujambula kalekale, amene tsopano ali m'dothi? Ba Esitere anatambasula dzanja kuti azimitse, ndinawagwira. Ndinasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, n'kumayang'ana bedi lililonse. Mkulu wa imvi. Mayi ndi khanda lake. Mtsikana. Mnyamata wina atatembenukira kumbali, ndinangoona phazi lake. Ndinaliyang'ana phazilo, zala zake zazifupi, ndinati ayi, wanga zala zake n'zazitali ngati za atate ake. Phunziro linatha. Munalibe. Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni, ndipo ndinadabwa ndekha kuti munthu angakondwere chifukwa sanapeze chimene akufuna.

Ba Esitere anandibweretsera kandolo wophika, mbatata ija, ndi nsinjiro pambali. Ndinadya osayang'ana m'mbale, sindidziwa ngati ndinasenda. Munkoyo wa amake Lute ndinaukana dala, ndipo musandifunse chifukwa chake, ndinu aakulu, mukudziwa kumene munkoyo umapititsa munthu.

Masana kunabwera za ulimi. Bambo wina wa magambutsi ankaphunzitsa kukumba timaenje m'munda m'malo molima ndi ng'ombe. Madala oyamba kufika anayamba kutsutsana naye mokweza, ngati iye akuwamva. Ine ndinkayang'ana anyamata ogwira makasu kumbuyo kwake. Pa nkhani, mabwana ankatsegula mjigo kwinakwake, akulankhula Chizungu chimene sindinkamva. Ndinawasiya mabwanawo n'kumayang'ana anthu oombera m'manja. Mukudziwa, ana inu, tsiku limenelo ndinaona kuti mu tivi mumakhala anthu ambiri amene palibe amawayang'ana. Onse aja ali ndi amayi awo.

Nthawi ya mpira itayandikira amuna anadzaza nyumba, ena pazenera. Anapeza mzimayi pampando wa kutsogolo, tivi yatentha kale. Panali mkulu wina wa pakamwa, ba Jairosi, anayamba ali pakhomo.

"Manje ba mayo aba bachita chani kusogolo? Ba Shamilimo, mwayambanso? Batili izasila pakati futi!"

Ba Shamilimo anawafotokozera motsitsa mawu. Ba Jairosi anavula kapusi.

"Fanuwelo wa aSakala? Uja wamene enze kutithandiza kukweza tomato pa museu? Nkalani, ba mayo. Tizayangana tonse."

Mpira unayamba. Ine mpira sindinkaudziwa, ndinkangoona tianthu ngati nyerere tikuthamangira uku ndi uku. Amuna anati pakati pa osewera palibe, mayina onse ankawadziwa pamtima. Ndiye tinkadikira kuti kamera itembenukire kwa oonerera, aliyense n'kutenga mbali yake ya galasi. Wina ankati uyo, wina n'kuti awe, uyo ndi wamfupi. Kenako ndinaona kuti chithunzi chayamba kuchepa. Tivi zija batire ikamatha sizinkazima kamodzi, mdima unkayamba m'mphepete n'kumadya chithunzi pang'onopang'ono. Onse anaona.

Wosewera wina anagwa, woimbira analiza wezulo. Kuchokera kumbali kunatuluka anthu awiri akuthamanga ndi machira. Kamera inali patali, anthuwo ang'onoang'ono ngati njere za mapira. Koma wakutsogoloyo ankathamanga mutu uli patsogolo, mapewa atakwera, mmene Fanuwelo ankathamangira ng'ombe zikalowa kudimba.

"Ndi uyo!" ndinakuwa. "Uyo wa machira!"

"Uti? Uti, ba mayo?"

Pamene ankati ayang'ane, kamera inali itachoka kale, ikuonetsanso mmene wosewera uja anagwera. Ba Jairosi anati, "Ba mayo, sitinaone bwino, tisaname." Ba Shamilimo anati anthu a machira amalowa pokhapokha wina akavulala.

Mulungu anamva zambiri tsiku limenelo. Ine mayi wa chigwirizano kumpingo ndinapemphera kuti mwana wa mzimayi mnzanga agwe. Ndinati, Ambuye, asathyoke, angogwa pang'ono chabe. Ndipo sindinali ndekha. Amuna aja ankakonda matimu osiyana, masiku ena ankatukwanizana mpaka kugwirana malaya, koma tsiku limenelo onse anali mbali imodzi. Aliyense akatenga mpira ankakuwa, "Mugwese! Muchaye ku mwendo!" Koma osewerawo ngati anamva, anayamba kusewera mwaulemu ngati ana a mimba imodzi. Wina akagwa ankadzuka yekha, mnzake n'kumupatsa dzanja. Ba Jairosi anawatukwana kuti ndi amantha.

Chithunzi chinachepa mpaka kufanana ndi bokosi la machesi. Osewera akupita kokapuma, chinasanduka kadontho koyera pakati pa galasi, n'kuzima.

Ena anati tiike batire padzuwa, ena anati tigogode mitu yake ndi mwala. Anayesa zonse, sizinathandize. Ine ndinangokhala pakampando kaja ndikuyang'ana galasi lakuda, ndikuona nkhope yanga yomwe. Ndinaganiza za mlamu wanga, kuti ndikamuuza chiyani. Kuti ndinaona mapewa? Mwezi unali utatsala pang'ono kutha.

Panja panamveka njinga, tcheni chikulira ngati chopanda mafuta. Ndinaidziwa njingayo ndisanatembenuke. ASakala analowa pabwalo akuikankha, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ija, pakaliyala atamangirira batire yaikulu ndi malegeni. Anali atachoka kunyumba ine nditangotuluka, kupita kuchigayo cha kutsidya kwa mtsinje, ndipo anayenera kudikira mpaka anthu amalize kugayitsa. Sanandiyang'ane. Anauza ba Shamilimo kuti, "Ndamva kuti yanu imatha msanga. A kuchigayo andibwereka iyi." Munthu amene anati sapita. Anawapatsa mpando, anakana, anaimirira kumbuyo pafupi ndi chitseko ngati wodutsa chabe.

Analumikiza mawaya, chithunzi chinabwera chodzaza galasi lonse, choyera kuposa m'mawa. Mpira unali utayambanso. Tinadikira. Osewera ankagwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka. Dzuwa linayamba kulowera pazenera, wina anaphimba ndi thumba. Amake Lute anasiya kugulitsa, anangoimirira ndi beseni pamutu.

Mpira uli pafupi kutha, wina anauponya m'mwamba pafupi ndi golo. Wapagolo analumpha, wa timu ina analumphanso, mitu inagundana. Wapagolo anagwa osadzuka. M'nyumba muja anthu anakuwa ngati chalowa chigoli, ngakhale amene anali a timu ya wapagoloyo.

Machira anabwera. Ulendo uno kamera inasendera pafupi, poti wapagoloyo anali wotchuka. Ndinaona manja akutsegula botolo, akuthira madzi pamutu pa wovulalayo, akukulunga bandeji mofulumira ngati munthu amene wazolowera. Ndinaona msana wa munthu wogwada, atavala chovala choyera chopanda manja pamwamba pa malaya. Kenako anadzutsa mutu kuti aitane mnzake, nkhope yake n'kudzaza galasi lonse. Mphumi ya atate ake. Makutu oimirira awa amene Taonga watengera. Anali kulankhula, milomo ikuyenda, wamoyo, tsiku lomwelo, dzuwa lomwe linali pazenera lathu likumuomba kumaso.

Beseni la amake Lute linagwa, vitumbuwa kumwazika pansi. "Ninakamba ine! Ninakamba!" Ba Jairosi ananyamula ba Shamilimo m'mwamba. Ba Esitere anaimba nthungululu m'khutu mwanga mpaka linatseka. Ine ndinafuna kuimirira koma miyendo inakana, inali itachita dzanzi kuyambira m'mawa. Ndinatembenuka kufuna ambuya anu. Anali atakhala pansi pakhomo penipeni, padothi, chipewa chili pabondo. Anthu onse anatembenukira kwa iwo. Anayang'ana tivi nthawi yaitali, ngakhale nkhope ija inali itachoka kale, ndiye anati, "Wanenepa."

Basi. Anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka, amuna onse n'kuyamba kuyang'ana kudenga.

Wapagolo uja anadzuka n'kusewera mpaka kumapeto, ndipo ndinamupempherera iyenso, ndi amayi ake omwe. Amene anapambana musandifunse, ndikukhulupirira kuti m'nyumba monse muja palibe anadziwa.

Mpira ukatha ba Shamilimo ankazimitsa, koma aSakala anachotsa chipewa kumaso nati, "Isiyeni, batire ndabweretsa ndine." Kunabwera za zisangalalo. Poyamba anyamata a magitala, atsikana akuvina movala mmene ine sindingalole Taonga kutulukira pageti. Kenako ng'oma zinalira, amayi a kwathu kummawa akuvina chitelele. Miyendo ija imene inakana kuimirira inadzuka yokha. Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kulowa pakati, ba Esitere pambuyo, amake Lute akuponda vitumbuwa vyawo vomwe. Kuyambira nthawi ya mvula ndinali ndisanaimbe ngakhale kutchalitchi, ndinkangoyendetsa milomo. Mlamu wanga anafika akuthamanga, ana anali atamuuza kale. Anandigwira m'khosi akulira, akuti, "Mlamu, tikanamulira wamoyo! Tikanamulira wamoyo!" Ndinati lekani kulira, vinani, ndi za kwathu izi. Anavina kutiposa tonse, anali ndi chiuno mayi uja.

Loweruka lotsatira aSakala anakwera minibasi ndi ba Shamilimo, amene ankadziwa tauni, n'kukaima pageti la bwalo la mpira pamene pamalowera ambulansi. Anamupeza akutsitsa machira. Nkhani yake inali yotere. Anadwaladi, ndipo anatsala pang'ono kupita. Atachira anapeza anzake a m'kachipinda abalalika, analibe kolowera. Anthu odzipereka amene anamunyamula aja anamusunga. Anayamba kuwathandiza kutunga madzi ndi kupopera mankhwala, poti iye matendawo sankawaopanso. Ataona kuti ali ndi manja abwino anayamba kumuphunzitsa kuthandiza ovulala, Loweruka n'kumapita naye kumpira. Ndi pamene inayambira ntchito imene ikukudyetsani lero.

Uthenga anatumiza, kawiri konse, kudzera kwa mnyamata wa malasha. Anati, ukauze aSakala a ku Chongwe kuti mwana wawo Fanuwelo anachira, ali pamaphunziro, adzabwera akamaliza. Mnyamatayo anaperekadi uthengawo mokhulupirika, koma kwa aSakala ena a ku Kasisi. Tinamva pambuyo pake kuti akazi awo anawavuta nyengo yonse yokolola, kuti mwana ameneyu munabereka ndi ndani. Aha, sekani, ifenso tinaseka, koma patapita nthawi.

ASakala anabwera naye Fanuwelo kumudzi tsiku lotsatira titaweruka kutchalitchi. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri omukalipira, ndinawayeseza sabata yonse ndikusinja. Ndinakaima kumapeto kwa munda, pamene njira yochokera kumseu imatulukira. Ndinawaona akubwera patali, Fanuwelo patsogolo ndi kachikwama, atate ake pambuyo. Atafika anagwada nati, "Amama, ndabwera." Mawu onse aja anathawa. Ndinangomugwira makutu onse awiri, n'kumugwira mapewa, manja, ngati mmene ndinamuyang'anira tsiku limene anabadwa, kuona ngati zonse zilipo. Ndiye ndinamufunsa ngati wadya.

Koma chinthu chimodzi chinandidabwitsa. Ambuya anu aamuna sankalola mwana kuwatsogolera panjira, kwathu wamkulu ndiye amayenda patsogolo. Ndipo njira ija inali yotakata, ngolo inkadutsamo, akanatha kuyenda pambali pake. Ba Shamilimo anandiuza kuti anatero kuyambira ku Lusaka, pokwera minibasi, potsika, mnyamata patsogolo, iwo pambuyo. Madzulo tikumangirira ng'ombe ndinawafunsa kuti, "Nanga lero bwanji mwana kukutsogolerani njira yonse?"

Anamaliza kumanga chingwe, nayang'ana kunyumba kumene Fanuwelo ankaseka ndi alongo ake.

"Ndikamutsogolera," anatero, "ndimuona bwanji?"